Chala cha Achimwene Pakhoma

"Ndiye chala chimenechi n'chimene chiziwasambitsa bambo?" anafunsa mwamuna wa Mzime, atanyamula foni ya mkazi wake m'mwamba ngati wagwira khoswe kumchira.

"Tsitsani mawu, akumva," anatero Mzime uku akufinya nsalu zogonera za bambo ake m'beseni.

"Amve kumene! Iwe walemba uthenga wautali ngati ulaliki pagulupu ya banja lanu. Wati bambo sangatsale okha, mayi oyandikana nafe amene ankatithandiza asamuka, kuntchito akukuopseza, tiyeni tizisinthana. Achimwene ako ayankha chiyani? Kachala kamodzi koloza kumwamba. Achemwali ako? Timanja topemphera ndi kamtima. Basi, msonkhano wa banja watha, aliyense kwawo."

"Mwina akuganizabe."

"Chaka chonse akuganiza? Ine ndine wowotcherera zitsulo, kusukulu sindinapite patali, koma ndikudziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mawa ndibwereka wilibala, ndiwakweza bambowa, ndikawatsitsa pageti pa achimwene ako, ndikagogoda, ndikathawa."

"Musayerekeze! Bambo anga si mchenga."

Kuchipinda kunamveka kutsokomola, kenako mawu. "Mkamwini, m'wilibalamo muikemo pilo. Msewu wa kumeneko ndi wokumbikakumbika."

Amenewo anali a Kalaliki, bambo ake a Mzime, munthu amene anakalambira pa tayipi mu ofesi. Sitiroko inawalanda miyendo ndi dzanja lamanzere, koma pakamwa inapasiya, mwina nayonso inaopa kuyankhidwa. Mzime ndiye anali wotsiriza kubadwa mwa ana awo atatu, ndipo ana otsiriza amatola zimene akulu asiya: malaya, nsapato, mabuku ong'ambika, pamapeto pake makolo. Iye sankadandaula kuwasamala bambo ake. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti ntchito yake yosoka mayunifomu a ana asukulu inali pafupi kumupulumuka m'manja, ndipo ntchitoyo ankaikonda ngati mwana wake.

Ali m'minibasi popita kuntchito m'mawa wa tsikulo, anaimbira achimwene ake. Iwo anali ndi sitolo yogulitsa zipangizo zomangira, anyamata antchito ali mbwee, kotero kuti tsiku lonse ankangozungulira pampando. Foni inaitana kawiri n'kudulidwa. Kenako kunabwera kankhope kachikasu katatseka pakamwa ndi chala, pambali pake katchalitchi. Ndiye kuti anali pamsonkhano wa mpingo, ndipo munthu wa Mulungu sasokonezedwa. Zitatero Mzime anaimbira achemwali ake.

"Achemwali, uthenga uja mwauona?"

"Ii, Mzime, ukufunsa ngati sindinayankhe. Manja aja sunawaone?"

"Ndawaona, koma..."

"Ndi mtima womwe. Wofiira, osati wachikasu umene ndimatumizira anthu wamba. Ine ndikaika wofiira ndiye kuti zandilowa mpaka m'mafupa."

"Achemwali, bambo akufunika wowatembenuza, wowaperekeza kuchimbudzi, wowapatsa mankhwala masana. Inu muli ndi wantchito pakhomo, mumatandala kunyumba. Ndithandizeniko masiku ochepa chabe."

"Msana wangawu iwe ukuudziwa. Komanso ine mtima wanga ndi wofewa kwambiri, ndikawaona bambo ali chonchija ndimadwala sabata yathunthu. Iweyo Mulungu anakupatsa mphamvu zapadera, usazinyoze. Dikira, ndikutumizire kanthu."

Mtima wa Mzime unadumpha. Foni inanjenjemera, iye n'kuitsegula msangamsanga. Kanali kamkono kotupa minofu, ngati ka munthu wonyamula zitsulo, ndipo achemwali anaika titatu kuti asaoneke oumira.

Anafika kushopu anzake atasoka kale mulu wa malaya. Mwini shopu, mayi wamfupi amene tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwake, anamudikira pakhomo atanyamula kabudula wa mwana wasukulu.

"Uyu wasoka ndani?"

"Ndine, mayi."

"Thumba layang'ana pansi. Tandiuza, mwana wa eni ake aziikamo chiyani? Mphepo?"

"Pepani, mayi, dzulo ndinali ndi tulo."

"Pepani sapoletsa chilonda, mwanawe. Ndikudziwa za bambo ako, ndipo ndakupirira chifukwa dzanja lako ndi labwino kuposa onsewa. Koma ukufika mochedwa, masana ukuthawira kunyumba, ukabwera ukusinza pamakina. Sukulu zikutsegulidwa, maoda adzaza. Ndikukupatsa mwezi uno kuti ukonze za kwanu. Lolemba loyamba la mwezi wa mawa ndikufuna ndikuone pamakinapa kuyambira potsegula mpaka potseka. Ukapanda kutero, makinawa ndimpatsa wina."

Mzime anayang'ana makina ake, amene ankawadziwa ngakhale kulira kwake akafuna mafuta, ndipo anachita mantha enieni.

Madzulo ake, pamene ankawapaka mafuta miyendo, a Kalaliki anamuyang'anitsitsa.

"Abale ako ayankha zotani? Tandionetsa."

"Musiye, bambo, zingokupwetekani mtima."

"Mtima unapweteka kale mayi ako atamwalira, panopa n'chipsera. Ndipatse magalasi."

Anawaveka magalasi n'kuwayandikizira foni. Iwo anati akulitse. Anakulitsa mpaka chala cha achimwene chinadzaza galasi lonse la foni. Mdalayo anachiyang'ana nthawi yaitali, akupendeketsa mutu uku ndi uku.

"Wanenepa mwana wanga," anatero. "Mwezi watha ndinkadwala malungo, anabwera yemweyu?"

"Eya, bambo."

"Nditagwa pabedi paja?"

"Chomwechi, ndi kankhope kolira."

"Ndiye ndi mwana wokhulupirika, sajomba. Nanga mlongo wake?"

Mzime anawaonetsa timanja topemphera tija. A Kalaliki anagwedeza mutu mwaulemu ngati alandira mlendo wolemekezeka, kenako anati, "Pansi pa bedi pali tayipi yanga. Itulutse, uipukute fumbi. Mapepala ali m'sutikesi."

Luso la a Kalaliki linali lodziwika m'banjamo. Kale ku ofesi, bwana akatuluka, iwo ankajambula zithunzi ndi zilembo za pa tayipi. Pofunika mdima ankathithikiza ma x, pofunika kuwala ankamwaza timadontho, maso ankaika ma o, uku akupotokola pepala pang'onopang'ono ndi dzanja. Ukayandikira unkangoona zilembo zopanda mutu, koma ukabwerera m'mbuyo pankatuluka munthu. Pabalaza panali chithunzi cha malemu mkazi wawo chimene anachipanga choncho, ndipo ukaima pakhomo mayi aja ankakuyang'ana ngati akufuna kufunsa chifukwa chake mbale sizinatsukidwe.

Kuyambira tsiku limenelo nyumba inasanduka ofesi. Ndi chala chimodzi cha dzanja lamanja, mdalayo ankagogoda tayipi ataiika pathabwa pamiyendo pake: ta, ta, ta, ngii! Mzime akalowa, pepala linkabisidwa pansi pa pilo. Mwamuna wake akaweruka ankalowa kuchipindako n'kutseka chitseko, ndipo kunkamveka manong'onong'o ndi kuseka kwa anthu awiri amene kale ankangopatsana moni. Zimenezi zinamukwiyitsa Mzime. Masiku ankatha, iye ankathamangabe pakati pa shopu ndi nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, pagulupu pankagwa mitima ndi zala zokhazokha, koma amuna awiri a m'nyumba mwake anali pa masewera.

"Nyumba ikupsa, inu mukuotha moto wake," anawauza tsiku lina.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anayankha a Kalaliki osadzutsa mutu. "Tandigulireko mapepala a kaboni ukamachokera kuntchito."

Mwezi uli pafupi kutha, kunachitika chozizwitsa. Achimwene analemba uthenga wa mawu, zilembo zenizeni, mizere isanu. Mzime anayamba waona kaye ngati foni yawo sinabedwe. Uthengawo unkati kumpingo kwawo kukubwera chisankho cha wapampando wa komiti yosamalira okalamba, ndipo abale ambiri awakakamiza kuti aime. Ankafuna kudzajambulitsa ndi bambo chithunzi chabwino, atawagwira paphewa. Komanso akomiti adzafika kunyumbako chisankho chisanachitike kudzaona mmene iwo amasamalira kholo lawo, choncho Mzime akonze pabalaza.

Mzime anawerenga mokweza, mwaukali. Mwamuna wake anaseka mpaka anakhala pansi.

"Ndiwayankha zoti sadzaiwala," anatero Mzime, zala zili kale pafoni.

"Ayi," anatero a Kalaliki. "Uwauze abwere Lolemba m'mawa, iye ndi mlongo wake woti adzatijambule. Unene kuti m'mawa nkhope yanga imawala bwino."

"Lolemba ndi tsiku lija, bambo. Ndikachedwa ntchito yatha."

"Ndikudziwa masiku a sabata, mwanangu. Ndinkatayipa makalendala."

Lolemba Mzime anadzuka atataya mtima. Ankadziwa mmene zithere: abale ake adzafika, adzamwetulira pa kamera, adzanyamuka, iye adzatsala ndi beseni, makina ake n'kupita kwa wina. Chikwama cha kuntchito anachikonza mwa chizolowezi chabe. Atabweretsa madzi osamba, a Kalaliki anakana.

"Lero sindisamba, ndevu sindimeta. Ndili ndi alendo."

Pabalaza mwamuna wake anali atakokera makina ake owotcherera, moto uli thethethe pazitsulo za pawindo. Anati akukonza pamene panathyoka, ndipo atamaliza anaphimbapo ndi nsalu ya patebulo. Kenako anawanyamula apongozi ake n'kuwakhazika pampando, tayipi pambali pawo.

Achimwene anafika atavala suti ndi tayi, atanyamula katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira. Achemwali anali pambuyo, magalasi akuda kumaso, foni ili kale m'mwamba.

"Bambo! Mukuoneka bwino kwambiri!" anakuwa achimwene.

"Zikomo, bambo," anayankha a Kalaliki mwaulemu. "Kaya ndinu ndani?"

"Ndine mwana wanu woyamba, bambo. Mzime, kodi mutu wayambanso?"

"Mwana wanga woyamba ndimamudziwa bwino, amabwera pafupipafupi. Mkamwini, tawaonetseni alendowa ana anga."

Mwamuna wa Mzime anakoka nsalu ija. Pazitsulo za pawindo, pafupi ndi chithunzi cha malemu mayi, panali mafulemu awiri achitsulo okhala ndi magalasi. Mu loyamba munali chala chachikulu choloza kumwamba, chopangidwa ndi ma x ambirimbiri, makwinya ake ndi chikhadabo zonse zili m'malo. Pansi pake panatayipidwa kuti MWANA WANGA WOYAMBA. Mu lachiwiri munali manja awiri ophatikizana, timitima tikuwuluka pamwamba, ndipo pansi pake panali mawu akuti MWANA WANGA WACHIWIRI. Mzime anagwira pakamwa. Achemwali anavula magalasi.

"Bambo, mukufuna kundichititsa manyazi?" anafunsa achimwene, mawu atatsika.

"Ine? Ine ndine kalaliki, ndimatayipa chimene andipatsa. Chaka chonse wandipatsa chala, ndatayipa chala. Kapena ndalakwitsa chikhadabo?"

"Chala chija chimatanthauza kuti ndamva, ndili nanu limodzi."

"Ndiye ndakuika pakhoma kuti tizikhaladi limodzi. Koma akale anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Chakochi ndachiyesa, ngakhale batani la malaya sichimanga."

"Ine ndimakupemphererani tsiku ndi tsiku, bambo," analowererapo achemwali, misozi ili pafupi.

"Ndikudziwa, mwanangu, n'chifukwa chake ndakujambula uli pantchito. Pemphero ndi labwino. Koma ukamaliza uziwalekanitsa manjawo, chifukwa ali ophatikizana sanyamula kapu."

Achimwene anaika katoni pansi n'kupita pawindo. Anagwira fulemu, anakoka. Anavula jekete, anakokanso, windo lonse linagwedera, fulemu osasuntha.

"Alamu, musavutike," anatero mwamuna wa Mzime. "Ndawotcherera ndi ndodo zabwino. Nyumbayi ikhoza kugwa, chala chanu chidzatsala chili chiimire."

"Ndiswa galasi!"

"Iswa," anatero a Kalaliki. "Kalaliki weniweni satayipa popanda kaboni. Makope ali ndi mkamwini, ndipo tchalitchi chako akuchidziwa, ndi iyeyu anawotcherera geti lake. Akomiti akubwera liti, paja?"

Achimwene anakhala pampando mwadzidzidzi, n'kupukuta thukuta ndi tayi. Phazi lawo linagunda katoni ija, ndipo inatsetsereka mopepuka mpaka pakhomo.

"Mwandibweretsera chiyani m'menemo?" anafunsa mdalayo.

"Ndi ya pachithunzi, bambo," anayankha achimwene chapansipansi. "Zenizeni zibwera."

"Ooh. Ndiye Mzime asavutike ndi tiyi. Ndikutayipirani makapu awiri, mumwe."

Mwamuna wa Mzime anatuluka panja kukasekera kumeneko. A Kalaliki anadikira kuti phokoso lithe, kenako analankhula modekha.

"Wowotcherera ndi yemweyu, akhoza kudulanso. Adzadula ndikamaliza nkhope zanu zenizeni zoti tiikepo. Koma ine sindijambula za m'mutu, ndimajambula chimene ndikuona. Uzibwera m'mawa, undisambitse kuti dzanja lifewe, undidyetse kuti maso aone, kenako ukhale apo tsiku lonse ndizikuyang'ana. Masiku ena mlongo wakoyu. Musinthane nokha, ndinu akuluakulu. Ndipo ndikuchenjezeretu, chala chotayipira ndili nacho chimodzi. Mphuno yokha imandidyera masabata, ndipo yako ndi yaikulu."

"Nanga tikamaliza?" anafunsa achemwali.

"Nkhope imasintha, mwanangu. Chithunzi chimafuna kukonzedwa pafupipafupi."

Mzime anali ataima pakhomo la kukhitchini. Anaseka nawo poyamba, koma tsopano ankayang'ana pakhoma paja, ndipo china chake chinamubaya. Panali mayi, panali achimwene, panali achemwali. Ngakhale chala chinapeza fulemu.

"Nanga ine, bambo?" anafunsa, ndipo anachita manyazi kumva mawu ake akutuluka ngati a kamwana. "Ine mulibe?"

A Kalaliki anamuyang'ana, nthabwala zonse zitachoka pankhope pawo.

"Iwe ndingakujambule bwanji? Sukhala pansi. Chaka chonse ndimangoona msana wako ukutuluka ndi beseni."

Achemwali anayang'ana pansi. Achimwene anayamba kumasula tayi pang'onopang'ono.

"Tenga chikwama, pita kuntchito," anatero mdalayo.

Apa m'pamene Mzime anazindikira kuti kuchoka n'kovuta kuposa kutsala. Anayamba kulongosola mothamanga: madzi akhale ofunda osati otentha, powanyamula muyambe mbali yamanzere, mapiritsi oyera ndi a masana, akakana kudya musawakakamize koma musawasiyenso.

"Achimwene sadziwa kunyamula munthu, bambo. Akugwetsani."

"Akandigwetsa anditola. Nanenso uyu ndinamugwetsapo ali khanda, n'chifukwa chake ali chonchi. Pita!" Kenako anatembenukira kwa mwana wawo woyamba. "Iwe wapampando, pinda malaya. Ulendo woyamba ndi wa kuchimbudzi, ndipo ndi wamsanga."

Mwamuna wa Mzime anamukweza mkazi wake panjinga n'kupalasa ngati akuthamangitsidwa ndi agalu. Anafika mwini shopu akutsegula loko. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anangoloza makina ndi chibwano.

Mzime anakhala pansi, anavundukula makina ake, napisa dzanja m'chikwama kuti atenge sizasi. Anakhudza pepala lopindidwa limene iye sanaikemo. Atalitambasula anaona ma x ndi timadontho, ndipo anachita kulitalikitsa kuti aone bwino. Unali mpando. Mpando wawo wa pabalaza, umene mwendo wake umodzi anaumanga ndi waya, wopanda munthu. Pansi pake panatayipidwa kuti MWANA WANGA WACHITATU, ndipo pamzere wotsatira, UKAWERUKA UDZAKHALE APA.

Analira, osabisa, mpaka anapukuta misozi ndi kolala ya yunifomu ya mwana wa eni ake. Mwini shopu anaona, koma anayang'ana kumbali.

Foni inanjenjemera. Anali achimwene, ndipo uthenga wawo unali wautali ngati ulaliki, wopanda kachithunzi ngakhale kamodzi. Sopo ali kuti? Thaulo lawo ndi liti? Bambo akuti madzi azizira, ndawonjezera otentha akuti ndikufuna kuwaphika. Achemwali ako adzitsekera kukhitchini akulira. Suti yanyowa yonse. Kodi munthu mmodzi amazitha bwanji zimenezi? Mlongo wanga, chonde yankha.

Mzime anawerenga mpaka kumapeto. Sopo anali pawindo la kubafa, poonekera, ndipo munthu wamaso akanamupeza. Anatsegula tizithunzi tija n'kuyamba kufufuza, pakuti kachala kaja anali asanakagwiritsepo ntchito chibadwire. Atakapeza anakadina kamodzi, anaika foni m'chikwama, n'kuponda makina.